Mabuku Amene Nangondo Analephera Kukana

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene ankagwira ntchito mu laibulale ya yunivesite ina. Chaka china yunivesiteyo inatsegula maphunziro a zachuma, ndipo akuluakulu anamuitana n'kumuuza kuti asonkhanitse mabuku a maphunzirowo. Anamupatsa chipinda chachikulu, mashelefu atsopano onunkhira vanishi, ndi ndalama zochepa. Paja akuluakulu athu sachedwa kugula mashelefu. Za mabuku amakumbukira pambuyo.

Nangondo sanali waulesi. Anafunsa aphunzitsi zimene adzaphunzitse. Anagula mabuku angapo atsopano a za misonkho, za mabanki, za inshuwalansi ndi za masheya. Anayenda m'maofesi kupempha malipoti a chaka ndi chaka. Koma atawaika onsewo sanadzaze ngakhale mbali imodzi ya chipinda. Aliyense wolowa, maso ake ankayamba agwera pamene panalibe kanthu, ndipo Nangondo ankachita manyazi ngati munthu amene alendo amupeza m'nyumba mulibe mpando.

Ndiye panali mkulu wina, a Profesa Gomile, amene anaphunzitsa zachuma moyo wawo wonse ndipo tsopano anali atapuma. Mkuluyu anamuphunzitsa Nangondo ali mtsikana. Bambo ake a Nangondo atamwalira, iye n'kutsala pang'ono kusiya sukulu, ndi a Gomile amene anamuyendera m'maofesi mpaka thandizo linapezeka. Kuyambira pamenepo Nangondo ankawatenga ngati bambo ake omubereka.

A Gomile atamva kuti mwana wawo akusowa mabuku, anatumiza lole yodzaza makatoni. Munali mabuku okhuthala, a zikuto zolimba, a zilembo zagolide pamsana, ena ogulidwa kunja mkuluyo ali mnyamata. Nangondo atangotsegula katoni yoyamba anaona kuti ambiri anatha ntchito. Buku la nthano likakalamba limangokomerakomera. La misonkho likakalamba limayamba kunama, chifukwa malamulo amasintha ilo osadziwa. Izi Nangondo ankazidziwa bwino lomwe, poti ndiyo inali ntchito yake.

Koma mphatso ya munthu wamkulu mumaikana bwanji? Kwathu kuno timalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, zodandaula timakanena tili tokha. Nangondo anachita chimodzimodzi. Anadinda chidindo cha laibulale pa buku lililonse n'kuwandandalika pamashelefu. Chipinda chinadzaza tho. Akuluakulu a yunivesite anabwera, anajambulitsa zithunzi, anakhoma pakhoma chikwangwani cha dzina la a Gomile. Mkuluyo naye anayamba kumabwera mwa apo ndi apo, n'kukhala pansi pa chikwangwanicho akumwetulira. Mabuku atsopano aja, poti anali opyapyala, anamira pakati pa zimphonazo.

Ophunzira akafika pashelefu, dzanja linkathamangira buku lonenepa. Musawaseke. Nanunso muli chaka choyamba munkaganiza kuti nzeru amayeza pasikelo.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, kunabwera wophunzira wina wamkazi, Mwandida. Sankalira. Anangoika buku lalikulu patebulo la Nangondo n'kuima.

"Mayi, ndalephera phunziro la misonkho. Akuti ndibwereze chaka. Kwathu sindikudziwa kuti ndikanena chiyani."

"Pepa mwanawe. Kodi sunawerenge?"

"Ndinawerenga mayi, buku ili, mpaka kuliloweza. Koma aphunzitsi akuti msonkho umene ndalembawo unathetsedwa ine ndisanabadwe."

"Nanga sunaone chaka chimene linasindikizidwa?"

Mwandida anatsegula chikuto n'kuloza ndi chala. "Ndinaona chidindo chanuchi, mayi. Ndinati ngati lili muno, ndiye kuti likunena zoona."

Nangondo mtima unamupweteka kwambiri, chifukwa dzanja limene linadinda pamenepo linali lake. Ophunzira atsopano anali pafupi kufika. Mabukuwo akawasiya, ana ena agwera m'dzenje lomwelo. Akawachotsa, munthu amene anamupulumutsa pa umasiye adzapeza mashelefu ali mbee pansi pa dzina lake.

Mnzake wa pantchito anamulangiza kuti, "Muzingochotsa limodzilimodzi, mayi. Mkulu uja maso anafooka, sangazindikire." Nangondo anakana. Anati munthu amene umamulemekeza sumuzembera.

Loweruka lotsatira ananyamula buku la Mwandida lija n'kupita kunyumba kwa a Gomile. Analonjerana, anamwa tiyi, anafunsana za matenda ndi za mvula. Kenako Nangondo anatsika pampando n'kukhala pansi.

"Aphunzitsi, ndabwera ndi mlandu, koma wolakwa ndine."

Anafotokoza zonse, osabisa kanthu. A Gomile anatenga bukulo n'kulisisita pachikuto nthawi yaitali. Nkhope inagwa.

"Ndiye ukuti mabuku anga ndi zinyalala, Nangondo?"

"Ayi aphunzitsi, sindinganene choncho. Ndikupempha kuti mubwere mudzatisankhire nokha. Limene mungaphunzitse nalo lero, likhale. Limene inuyo simungaphunzitse nalo, ine sindingalipereke m'manja mwa mwana."

Nangondo atatsanzika, a Gomile anangogwedeza mutu. Nthawi zonse ankamuperekeza mpaka pamsewu, koma tsiku limenelo sanadzuke n'komwe pampando. Nangondo anayenda yekha kupita kokwerera minibasi, misozi ili m'maso, akudziwa kuti mwina wataya bambo kachiwiri.

Panapita masiku, kuli zii. Nangondo sanakhudze buku ndi limodzi lomwe, koma chipindacho anachitseka ndi kiyi. Wophunzira akafuna buku, iye ankalowa yekha n'kumutengera latsopano.

M'mawa wina a Gomile anatulukira ndi ndodo yawo. Anapempha mpando, nauika pafupi ndi shelefu yoyamba. Ankatenga buku, n'kutsegula, n'kuwerenga pang'ono, kenako ankalibwezera pashelefu kapena kuliika pansi. Ena ankawagwira nthawi yaitali asanawaike pansi. Mulu wa pansi unakula mpaka kupitirira mawondo awo. Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe, mpaka anafika pashelefu yomaliza. Amene anatsala anali ochepa, ofotokoza zinthu zosakalamba msanga: chifukwa chake mitengo ya zinthu imakwera, ndi mmene banki imagwera anthu akasiya kuikhulupirira.

Atamaliza anapukuta fumbi m'manja n'kuitana Nangondo.

"Mwana wanga, mabuku awa ndinkadziwa kuti anatha. Kunyumba ndinkalephera kuwataya, poti unyamata wanga wonse uli m'menemu. Ndiye ndinakutumizira iweyo, podziwa kuti sungakane. Ine ndimati ndapereka mphatso, chonsecho ndinangotula mtolo pamutu pa mwana waulemu."

Anatola buku la Mwandida lija n'kuliika kukhwapa. "Ili ndipita nalo kwathu, lizikandikumbutsa. Tiye undiperekeze, ndili nayo ngongole ya ulendo uja sindinakuperekeze."

Anatuluka limodzi, akuyenda pang'onopang'ono, mpaka pageti.

Mabuku a pansi aja anawasunga m'chipinda china, cha anthu ofufuza mbiri yakale, ndipo pakhomo analembapo zomveka bwino kuti malamulo a m'mabukuwo anasintha. Mashelefu ambiri anakhalanso opanda kanthu. Akuluakulu anadandaula kuti alendo adzaona chiyani, koma Nangondo anawasiya choncho. Tsopano wophunzira akasowa chimene akufuna ankabwera kudzafunsa. Wina ankafuna za ndalama zotumiza pafoni, wina za banki m'khonde, wina za malamulo a misonkho a chaka chomwecho. Pa mafunso amenewo ndi pamene Nangondo ankadziwira choti agule ndalama zikapezeka. Mashelefu anayamba kudzaza pang'onopang'ono, ndipo nthawi iyi buku lililonse linali ndi munthu amene ankalidikira.

Koma chaka cha Mwandida sichinabwerere. Anabwereza ndithu. Anzake anavala mikanjo ya omaliza maphunziro iye akuonerera ali kumbuyo kwa khamu, ndipo Nangondo anaima naye pomwepo mpaka mwambo unatha.

Tsono inu amene mwayamba ntchito ino ya mu laibulale posachedwa, mverani. Lole idzabwera. Idzachokera kwa munthu amene mumamukonda, kapena amene mumamuopa, ndipo mashelefu anu adzakhala akukuchititsani manyazi. Thokozani ndi manja awiri, chimenecho n'chikhalidwe chathu ndipo sindikuti muchitaye. Koma kuthokoza ndi kwina, kudinda ndi kwina. Mlimi amapatulira chimanga paphando ngakhale mbewu yonse ndi yake yomwe. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Mu laibulale manyazi sapha mwini wake, amadya chaka cha mwana wa eni.

Shelefu yopanda kanthu imamuuza wophunzira kuti akafunse, ndipo pamenepo siinamunamize. Choncho chidindo chikakhala m'manja mwanu, buku lili lotsegula patebulo, musayang'ane kukhuthala kwake kapena dzina la amene wapereka. Kumbukirani kuti pali Mwandida wina amene sadzaona chaka, adzangoona chidindo chanu n'kukhulupirira.