Malikisi a Zakeyu

Bambo ake a Zakeyu atamwalira, kapitawo Kachingwe anatenga galimoto ya kampani, ati akuperekeza maliro, n'kukathera kumowa. Nyengo yoyeza antchito itafika, Kachingwe anafuna kuti mphwake atenge malo a Zakeyu.

"Iwe," anamuuza Zakeyu, "ukadzipatse malikisi otsika pamaso pa bwana. Ukakana, ndikulembera zoipa kuposa pamenepo."

Awiriwo analowa kwa bwana, Zakeyu atazolika.

"Ndine waulesi ndithu, bwana. Ngakhale maliro a bambo anga anayendetsa ndi a Kachingwewa, ine nditangokhala."

"Munagwira ntchito, a Kachingwe," anatero bwana. "Loweruka mutitsogolere kumudziko, tikapepese."

Kachingwe sankadziwa ngakhale dzina la mudziwo. Anamupeza Zakeyu pakhonde.

"Achimwene," ananong'ona, "malikisi aja mukufuna angati?"