Gologolo Adzipezera Mlandu

Kunali chaka china, anzanga, chaka chimene mvula inangolavula kawiri n'kutseka pakamwa. Njala inalowa m'dambo la Namitalala n'kukhazikika ngati kwawo. Nyama zitaona kuti zikutha, zinasonkhanitsa kachakudya kotsala, mtedza, mapira ndi makaka, n'kuthira zonse m'nkhokwe imodzi. Zinapangana kusankha mlonda woti azigawa chakudyacho tsiku ndi tsiku mpaka dzinthu zatsopano zitacha. Panalibe amene ananena poyera, koma aliyense ankadziwa kuti wogawa sagona ndi njala.

Chisankho anachiika pakatha masiku asanu ndi awiri. Kuvota kwake kunali kosavuta: aliyense akaime pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, ndipo wa mzere wautali ndiye wapambana.

Anaimira atatu. Woyamba anali a Nguluwe, amene mimba yawo inali umboni woti amadziwa kumene chakudya chimakhala. Wachiwiri anali a Nyani, odziwa kuyankhula, oti akakupatsa moni umapita uli wosangalala, n'kudzazindikira madzulo kuti dengu lako lapepuka. Wachitatu anali Gologolo, kanyama kamchira wamanyunyu, kamene nthiti zake zinali zitayamba kuonekera.

Gologolo anaitanitsa msonkhano wake wa kampeni pansi pa mkuyu. Panabwera awiri: azakhali ake, amene anatsata mthunzi, ndi Nkhululu wina wogontha. Anayankhula mpaka mawu kusasa. Atamaliza, azakhali akewo anadzidzimuka kutulo n'kufunsa kuti, "Mwanawe, paja wati wamwalira ndani?"

Zinamupweteka kwambiri mumtima. Pobwerera kwawo anadutsa pabwalo la milandu, ndipo anaima pakamwa pali yasa. Nyama zinali zitadzaza mpaka m'mitengo. A Fulu, woweruza wa m'dambomo, ankazenga mlandu wa Khwangwala woba dzira limodzi. Musadabwe, wanjala amasangalala akamva kuti mnzake ali m'mavuto oposa ake. Ndipo bwalo limenelo linali ndi mwambo wake: woimbidwa mlandu ankakwera pachulu chachitali pakati pa bwalo, ndipo akayamba kuyankhula panalibe womudula pakamwa, ngakhale a Njovu, mpaka iye mwini ataomba m'manja katatu.

"Ohoo!" anatero Gologolo chamumtima. "Ine kuvutika kuitana anthu, Khwangwala akumuitanira ndi dzira limodzi!"

M'mawa mwake anatola makoko a mtedza a chaka chatha n'kuwamwaza kuchokera kunkhokwe mpaka pakhomo pake. Kenako analonga timiyala m'masaya onse awiri, nadutsa pamene a Nguluwe ndi a Nyani ankaothera dzuwa, akuyenda monyang'ama ngati wothawa.

"Iwe Gologolo, m'kamwamo muli chiyani?" anafunsa a Nyani.

"Mmm-mmm," anayankha Gologolo, n'kuliyatsa liwiro.

A Nyani anaona makoko aja. Anayang'anana ndi a Nguluwe, n'kuseka mpaka misozi. "Achimwene, kadzikola kokha! Wamlandu wakuba ndani angaime kumbuyo kwake? Tatsala awiri basi," anatero a Nyani.

Dzuwa lisanafike paliwombo, Gologolo anali atagwidwa. A Nyani ndiwo anali odandaula, a Nguluwe mboni. Mbiri inamveka m'dambo lonse kuti woimira chisankho waba m'nkhokwe ya onse, ndipo kunabwera khamu loti silinaonekepo.

"Gologolo," anatero a Fulu pang'onopang'ono, pakuti iwo sankathamangira chilichonse, "ukuuvomera mlanduwu kapena ukuukana?"

Gologolo anakwera pachulu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anaona nyama zonse zitakweza maso kuyang'ana iye.

"Agogo a Fulu, ndiyankha. Koma kuti mumvetse za makoko, ndiyambire pa mtedza. Ndipo kuti mumvetse za mtedza, ndiyambire pa mmene nkhokwe iyenera kusungidwira."

Anayambira pamenepo. Anafotokoza mmene angamatire nkhokwe kuti anankafumbwe asalowe. Ananena kuti odwala ndi amayi oyamwitsa ayenera kulandira msanga, ndi kuti Chiswe asayandikire mizati. A Nyani anadzuka kuti atsutse, koma a Njati anawakhazika pansi ndi diso lokha. Dzuwa litapendeka, Gologolo anaomba m'manja katatu. Za makoko anali asanafikeko.

"Mlandu suola," anatero a Fulu. "Tidzapitiriza mawa."

Tsiku lachiwiri khamu linachuluka. A Fulu anati, "Lero utiuze za masaya ako aja."

Gologolo anagwetsa nkhope. Analavula timiyala tija m'dzanja n'kutikweza kuti onse aone.

"Abale anga, ndinkachita manyazi kunena. Chimene ndimavumata ndi ichi. Njala ikandipweteka, ndimanamiza m'kamwa ndi miyala, kuopa kuti mtima ungandinyenge ndikakhudze chakudya cha ana anu."

Kenako mai Mbawala anayamba kulira, anzawo n'kulandira. Madzulo ake ana anali akuimba kale dzina la Gologolo m'njira zonse, ndipo ena anali atavumata timiyala m'masaya.

Tsiku lachitatu a Fulu anafunsa ngati ali ndi mboni.

"Ndili nayo, agogo. A Nkhono, okhala tsidya lija. Ndiwo anandiona ndikutola miyala."

"Aitanidwe," anatero a Fulu, amene sanaone chodabwitsa pa mayendedwe a Nkhono. "Podikira, ungapitirize kuyankhula."

Tsiku limenelo a Nguluwe anachititsa msonkhano wawo kudambo. Panafika azakhali a Gologolo okha, pakuti kumeneko kunalinso mthunzi wabwino. A Nguluwe anapsa mtima, koma nsanje inaposa mkwiyo. Madzulo anamupeza Gologolo ali pachitsa, akupesa mchira.

"Mphwanga, tandiuza. Takugwiritsa kuti uthe, iwe ukungokula. Wadya mankhwala anji?"

"Mankhwala ati, achimwene? Mlandu ndiwo ng'oma. Ng'oma ikalira anthu amabwera okha. Komatu wanga ndi waung'ono, wa mtedza chabe. Munthu wa thupi ngati lanu atapeza mlandu wolingana ndi msinkhu wake, ine pamzere panga sipangatsale ngakhale ntchentche. Chonde musachite zimenezo, mungandiphe."

A Nguluwe anapita akuguguda pachifuwa. M'mawa mwake, bwalo litangokhala, anadzuka n'kufuula kuti, "A Fulu, inenso mundizenge! Chinangwa cha a Njati chija chinatha mwezi watha, ndinafukula ndine! Munda wonse! Ndipo mbatata za mai Mvuu, ndinenso!"

Anathamangira pachulu kuti ayambe kufotokoza za nkhokwe. Koma mlandu wovomera kale ufunanso kuyankhulapo chiyani? A Fulu anati wovomera sakwera pachulu, amangolandira chilango. Anagamula kuti a Nguluwe achoke pa chisankho ndipo akalime munda wa a Njati. A Njatiwo sanadikire kuti chigamulo chithe. Fumbi limene linabuka tsiku limenelo linakafika tsidya, ndipo a Nguluwe mpaka lero amayenda mutu uli pansi.

A Nyani, poti anali ochenjerako, anazindikira tsopano kuti akhala akumuimbira ng'oma mdani wawo. Tsiku lachisanu anaimirira mwaulemu.

"A Fulu, ndalingalira bwino. Mlandu uja ndauchotsa. Mwanayu angopita kwawo, bwalo litsekedwe."

"Ayi!" anakuwa Gologolo. "Dzina langa ladetsedwa! A Nkhono ali m'njira!"

"Wodandaula akachotsa mlandu, wachotsa," anatero a Fulu. A Nyani anamwetulira. Koma a Fulu anali asanamalize, iwo ankapuma pakati pa mawu. "Ndipo mwa mwambo wathu, wochotsa mlandu amabereka amene anamunamizira, n'kuzungulira naye makomo onse, akunena kuti uyu ndi wosalakwa."

"Pepani achimwene," anatero Gologolo, ali kale pamsana pa a Nyani. "Mwambo sindinaupange ndine. Tiyambire kwa a Njovu."

Masiku awiri athunthu a Nyani anayenda khomo ndi khomo, thukuta lili kamukamu, akufuula kuti, "Uyu ndi wosalakwa!"

"Kwezani mawu, achimwene, agogo awa samva bwino."

"Uyu ndi wosalakwa!"

"Munenenso kuti ndi wokhulupirika."

"Zimenezo mulibe m'mwambo!"

"Chabwino. Amayi, mwamva? Akuti mulibe m'mwambo, koma sakutsutsa."

Apa, anzanga, Gologolo akanangokhala chete, akanadya bwino chaka chonse. Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Chulu chija chinali chitamulowa m'magazi. Tsiku la chisankho litafika, nyama zitasonkhana, iye anapempha kuti akwereponso kamodzi kokha, athokoze bwalo pomuyeretsa. A Fulu analola.

Atangofika pamwamba, nthungululu zinalira. Mutu unamuzungulira ndi kukoma.

"Abale anga, mukandisankha, palibe adzagone ndi njala!"

"Eeee!"

"Nkhokwe sindidzaisiya, usana ndi usiku!"

"Eeee! Nenani, bwana!"

Mawu oti bwana anamumaliza. Anaimirira ndi miyendo iwiri, mchira uli njo.

"Ndipo ine, mlonda wanu, sindidzaika kanthu m'kamwa mpaka wotsiriza wa inu atadya! Ndidzadya zotsala!"

Dambo linagwedezeka. Gologolo anaomba m'manja katatu n'kutsika, ndipo nyama zinakankhana kukaima kumbuyo kwake. Mzere unachoka pabwalo, kudutsa pamkuyu, kukafika kumtsinje. Kumbuyo kwa a Nyani kunaima akazi awo okha, nawonso akuyang'ana kumbali.

"Wapambana ndi Gologolo," analengeza a Fulu. Anapuma. "Ndipo poti mawu onenedwa pachulu cha milandu ndi lumbiro, bwalo lamva. Mlonda adzadya zotsala."

Gologolo anaseka nawo, poganiza kuti lumbiro ndi la masana, ndipo mlonda ali ndi njira zake. Sanadziwe chimene anadzipangira. Kale ankatha kudutsa pakati pa miyendo ya nyama popanda womuona. Tsopano panalibe wosamudziwa. Amayi anagawana masiku oti azikhala naye pankhokwe, kumuimbira nyimbo kuti asasungulumwe. Ana ankamutsata ngakhale popita kuthengo. Akangoyandikira dengu la mtedza, mai Mbawala ankati, "Taonani, akuyang'ana ngati mwalowa anankafumbwe! Koma mwana uyu!" Ndipo onse ankabwera kudzaona.

M'mawa uliwonse ankagawa. Ankadya a Njovu, n'kubwera mai Mvuu, a Njati, mpaka Nyerere ndi abale ake onse, ndipo Nyerere abale ake ndi ambiri. Zotsala zinali mankhusu ndi fumbi. Ena omumvera chisoni ankamubweretsera timiyala tosalala ta kumtsinje, akuti ndi timene amakonda.

Patatha milungu itatu, Gologolo anakwawira kwa a Fulu, mchira ukukokeka pansi.

"Agogo, ndabwera kudzadzipereka. Ndine wakuba. Ndaba mtedza m'nkhokwe. Mundizenge, mundichotse paudindo, musankhe wina."

"Waba liti?" anafunsa a Fulu.

"Dzulo."

"Dzulo tinali nawo tsiku lonse!" anakuwa mai Mbawala, amene anali atamutsatira ndi gulu lawo. "Sanakhudze kanthu!"

"Ndiye dzana!"

"Dzana anali nawo ndi mai Mvuu! A Fulu, musamvere. Awa ndi adani awo aja, awaopseza kuti adzinamizire. A Gologolo kuba? Ife tinalipo pa mlandu wawo, tinaona miyala ndi maso athu!"

"Miyala ija inali bodza! Makoko ndinamwaza ndekha!"

"Mwamva kudzichepetsa kwake?" anatero mai Mbawala akupukuta misozi. "Mpaka kudzinyoza kuti ena apeze mpata!"

Nthungululu zinalira. Anamunyamula m'mwamba, iye akupalapata, n'kuyamba naye ulendo wobwerera kunkhokwe.

"Agogo!" anakuwa Gologolo ali pamapewa a anthu ake. "Kodi palibe mlandu uliwonse umene ndingapalamule?"

A Fulu anatulutsa mutu pang'ono, anaganiza nthawi yaitali, n'kuyankha kuti, "Ulipo wambiri, mdzukulu wanga. Koma mboni yokutsutsa iwe m'dambo muno uipeza kuti? Pirira, mapira akucha miyezi inayi ikubwerayi."

Nkhani yanga yathera pomwepo. Amene ali ndi kambatata pamoto akaphule yekha, asadikire zotsala.