Kachotupa ka Mwatitha

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu wa galimoto usanalambulidwe, munali munthu wina dzina lake Chimphamba, malume wa agogo anga. Iye ndiye anali mwini mbumba. Mlongo wake akadwala, wogamula za mankhwala anali iye. Mwamuna wa wodwalayo, pokhala mkamwini, ankangomvera.

Chimphamba anali ndi alongo awiri, ndipo onse anatuluka chotupa m'bere. Cha Esinati, wamkulu, chinali ngati dzira la tsekwe, ndipo anakhala nacho zaka zambiri. Ka Mwatitha, wamng'ono, kanali ngati nzama, kotuluka chaka chomwecho. Kanzama, ana inu, kanzama chabe.

Ku chipatala cha mishoni, dokotala anadula kanyama pa chotupa chilichonse, natumiza kutali kuti akaunike ndi makina okulitsa zinthu. Yankho linabwera nthawi ya kupalira, ndipo anaitana Chimphamba.

"Bambo, zonse ziwiri ndi khansa, koma ukali wake ndi wosiyana," anatero dokotala. "Thupi limamangidwa ndi tizidutswa totchedwa maselo. A m'chotupa chachikulucho akufananabe ndi a bere labwino, motero chimakula pang'onopang'ono. A m'kakang'onoko asinthiratu maonekedwe, ndipo akuswana mofulumira. Onse awiri akufunika opaleshoni, koma Mayi Mwatitha apite ku chipatala chachikulu mwezi uno usanathe."

"Adokotala, maso ndili nawo," anayankha Chimphamba. "Moto woopsa ndi uti, wa patchire kapena wa m'kaliwo?"

"Wa m'kaliwo, ukagwera pa denga la udzu."

Kodi anamva? Sanamve. Atafika kumudzi anasonkhanitsa mbumba nati, "Akazi awiri sangachoke pamodzi udzu uli m'munda. Ayambe wamkulu. Ndiye woyamba kubadwa, ndipo chake n'chooneka."

Zakeyu, mwamuna wa Mwatitha, anagwada. "Alamu, minda yonse iwiri ndipalira ndekha. Aloleni apitire limodzi."

"Mwakula mwendo liti m'mudzi wa eni, alamu? Mizere yanu yomwe mukulephera kumaliza."

Anthu anaseka pang'ono, mwamanyazi. Mwatitha anaweramitsa mutu nati, "Zisiyeni, bambo a ana. Achimwene anena. Kangaka sikapweteka n'komwe."

Sikapweteka. Mawu amenewo muwaope.

Esinati anapita, anamuchita opaleshoni, nabwerako bwino. Chimanga chinamasula, chinacha, chinauma. Pokolola, kanzama kaja kanali katabala tina m'khwapa, ndipo Mwatitha anali kutsokomola, mpweya wosakwana. Anamunyamula pa machila, koma dokotala atamuyeza anangoti, "Mukanabwera nthawi ija." Mvula yoyamba isanagwe, Mwatitha... wati chiyani, Tadala, mwana iwe? Ayi, sitinena kuti "anafa". Imafa ndi mbuzi. Anamwalira, nasiya mwana wamkazi wongoyamba kuyenda. Mwanayo ndiye agogo anga. Anawalera ndi Esinati, amene anakhala mpaka imvi zinadzaza mutu.

Kodi Chimphamba anali mfiti? Ayi. Kodi sankakonda mlongo wake? Ankamukonda, amati ku manda anakana kuchoka mpaka adzukulu anachita kumugwira mkono. Anangokhulupirira maso ake pa chinthu chimene maso a munthu sangaone.

Masiku ano madokotala ukali umenewu amautcha giredi. Pa khansa ya m'bere, giredi yoyamba ndi yofatsa, yachiwiri ndi yapakati, yachitatu ndi yothamanga. Kukula kwa chotupa ndi pomwe chafalikira ndi nkhani ina, imene amati siteji. Zonse ziwiri zimathandiza kusankha mankhwala ndi kudziwa ngati pali nthawi yodikira.

N'chifukwa chake m'banja mwathu muno, munthu akapezeka ndi chotupa, sitifunsa kuti, "N'chachikulu bwanji?" n'kulekera pomwepo. Timafunsanso kuti, "Ukali wake ndi wotani?" Ndipo yankho amakalimva ndi mwini thupi, ndi makutu ake, atakhala pa mpando wa kutsogolo. Malume akafuna, aperekeze. Khasu limadikira, mwambo umadikira, koma khansa yothamanga sidikira kuti wamkulu ayambe.