A Kwenda Analira Maliro a Munthu Wamoyo

Ana inu, mwambi sugwa kumwamba ngati mvula ayi. Uliwonse uli ndi khomo limene unatulukira, ndipo kawirikawiri pakhomopo panali misozi. Uwu ndikufuna kukuuzaniwu unatulukira pamudzi wa Nthumbo, m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe, pakhomo pa mayi wina dzina lake Nangondo. Khalani phee, chifukwa ine mpweya wobwereza nkhani kawiri ndilibe.

Nangondo anali wodwala, ndipo zimenezi ankazidziwa ndi ana omwe. Chifuwa chinamugwira imvi zitangoyamba kuoneka, n'kukaniratu kumusiya. Akayamba kutsokomola m'mawa, amayi opita kudambo ankaima kaye, n'kupukusa mitu. "Uyu dzinja lino samaliza," ankanong'onezana. Thupi linali litatha, mikono ngati bango, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno.

Mwamuna wake, a Kwenda, anali chimunthu champhamvu, chosadziwa n'komwe kuti mutu umapweteka bwanji. Anabwera pamudzipo ali mnyamata, kudzakhala chikamwini. Paja mukudziwa kuti kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo munda umene amalima ndi wa kuchikazi, mitengo imene amadzala imamera m'nthaka ya eni ake. Zaka makumi atatu a Kwenda analima mundawo, kuzula zitsa, kudzala mango ndi nthochi, kumanga nkhokwe ziwiri. Ana anabereka awiri, onse aamuna, ndipo nawonso anali atapita chikamwini kutali. Mwana wamkazi, amene akanati awasunge atate ake pamudzipo, Chauta sanawapatse.

Vuto linayamba ndi maliro a khomo lina. Mnzawo wa a Kwenda, mkamwini ngati iwo omwe, anaferedwa mkazi. Atameta maliro, akuchikazi anamusudzula, ndiko kuti anamumasula kuti azipita kwawo. Munthuyo anachoka ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa yokulunga basi, kusiya nkhokwe yodzaza ndi mitengo yonse imene anadzala. A Kwenda anamuperekeza mpaka powolokera mtsinje. Pobwerako anangofikira kukhala pakhonde, ali ndwii.

Nangondo anali akusenda nyemba palichero. "Kwagwanji, a Kwenda? Mwabwera ngati amene wasudzulidwa ndinu."

"Ndaona mawa langa, Nangondo."

"Mawa lanu mwalionera kuti? Kodi mwayamba kuombeza?"

"Usandiseke. Iwe ukangotseka maso, ine pano ndine mlendo. Ndidzawoloka mtsinje uja ndi kamphasa pamutu, nkhalamba yopanda kolowera."

Nangondo anaika lichero pansi. "Ndiye kuti mwandiika kale m'manda, ine ndili pano ndikusenda nyemba? Ha, koma abale!"

Anaseka, kuseka kwake n'kusanduka chifuwa, ndipo a Kwenda anamuyang'ana ndi maso achisoni ngati akuti, waona zimene ndikunena.

Kuyambira tsiku limenelo manja a mwamuna wa Nangondo anafota. Chilimwe chinafika, anzake akusosa m'minda, iye ali pakhonde, dzanja patsaya. Anzake akumweta udzu wofolera, iye ali pomwepo. Nangondo akati, "Denga lija layamba kuonetsa nyenyezi," yankho linali limodzi: "Ndifolerere ndani?" Akati, "Nkhokwe yapendekeka," ankati, "Adzaiwongola eni mudzi." Chakudya ankangochilawa ndi nsonga za zala, n'kukankha mbale. Tulo tinawathawa. Nkhawa, ana inu, imadya munthu ngati chiswe: kunja mtengo umaoneka wabwinobwino, m'kati mutatha kale. Pomafika mwezi wotentha uja mango akamapsa, mutu wa a Kwenda unali utayera mbee, masaya atalowa, ndipo podzuka ankagwira mzati.

Nanga Nangondo? Musaganize kuti iye sankaopa. Ankaopa ndithu. Masiku ena chifuwa chinkamugwetsa pansi, n'kumaona ngati mpweya wathawa osabweranso. Koma chikangomusiya ankakwawa kupita padzuwa, n'kuphika phala. Phalalo m'kamwa mwake linkamveka ngati phulusa, koma ankalimeza basi, chipande ndi chipande, uku akudziuza kuti mawa kuli ntchito. Ntchito zake zinali zazing'ono. Lero kusankha zisononkho zabwino za mbewu n'kuzipachika pautsi. Mawa kusoka thumba lobooka. Mkuja kukapempha mbewu ya mbatata kwa mnzake kutsidya kwa dambo, ulendo wa pafupi umene iye ankauyenda mopumira kanayi.

Amayi ena, pomumvera chisoni, ankamuletsa. "Nangondo, kagoneni. Mukusankha mbewuyi kuti adzadye ndani?"

"Ndidzadya ine," ankayankha. "Ndikapanda kudya ine, adzadya amene adzakhalepo. Kodi chimanga chimafunsa dzina la amene anachidzala?"

Chimene chinkamutopetsa kwenikweni sichinali chifuwa, koma munthu wa pakhonde uja. Ankamukonda mwamuna wake, ndipo kumuona akusungunuka tsiku ndi tsiku chifukwa cha maliro amene sanagwe kunkamuwawa mpaka mumtima. Ataona kuti mawu ake sakulowa, anakaitana mlongo wake, a Mtuwa, amene anali mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo.

A Mtuwa anabwera, n'kukhala pansi pafupi ndi mlamu wawo. "Alamu, ndamva kuti mwasiya khasu chifukwa mukuti tidzakuthamangitsani. Wakuuzani ndani zimenezo? Zitsa za munda uja munazula ndinu. Ife tilibe nanu chifukwa. Ngakhale zitavuta, mudzakhala pompano."

A Kwenda anamwetulira mofooka. "Mwalankhula bwino, alamu. Mnzanga ujanso ankamuuza zomwezo. Koma maliro akagwa, pabwalo pamalankhula pakamwa pena."

"Ndiye mukufuna ndilumbire pa chiyani?"

"Musavutike. Zanga ndazidziwa kale."

A Mtuwa anadzuka akukuntha fumbi kumbuyo. Pochoka anauza mlongo wawo kuti, "Achemwali, munthu amene watseka makutu yekha, ngakhale ng'oma saimva." Anapita atakhumudwa.

Patapita masiku, a Kwenda anati akufuna kukaona kwawo kumene anabadwira, kuti akadziwiretu pokafikira. Nangondo anawaletsa, dzuwa lake linali losayendera, koma sanamve. Anapita, n'kukhalako masiku asanu. Zimene anakapeza n'zimene zinawatsiriza. Pamene panali nyumba ya mayi awo panali bwinja, patamera nsatsi. Achibale anali atasamukira kwina, ndipo atawalondola kumeneko, adzukulu a mlongo wawo anawafunsa kuti, "Agogo, mukufuna kwa yani?" Anawalandira bwino ndithu, kuwapatsa madzi ndi chakudya, koma monga mmene alandirira munthu wodutsa.

Anabwerako ndi ndodo, msana utapindika, mapazi atatupa. Nangondo atawaona akutulukira panjira sanawazindikire msanga. Anaganiza kuti ndi nkhalamba ina yosochera.

"Mwayendako bwanji?"

"Kulibe kwathu, Nangondo. Kuno si kwathu, uko si kwathu. Ndangotsala kudikira."

Mvula yoyamba inagwa, dothi n'kununkhira. Mudzi wonse unathamangira kumunda. Munda waukulu wa Nangondo unali thengo lokhalokha, chifukwa panalibe amene anausosa. Mayiyo anatenga kakhasu kakang'ono, n'kupita kuseri kwa nyumba kumene kunali kamalo kofewa. Ankakumba mapando khumi, kukhala pansi kutsokomola, kudzukanso. Dzuwa litakwera anabwerera pakhonde, thukuta lili kamukamu.

"A Kwenda, sindikukupemphani kuti mulime. Ingogwirani mbale ya mbewu, muziponya, ine ndizikumba."

"Udzivutitsiranji? Chimangacho sudzachiona ngaiyaye zake."

Apa Nangondo anapsa mtima, ndipo aka kanali koyamba m'zaka makumi atatu kuti amukwezere mawu mwamuna wake. "Ndatopa nanu, a Kwenda! Ndatopa! Chifuwachi chandisiyira kamphamvu kochepa, inu mukundilanda komweko. Tsiku lililonse mumandiyang'ana ngati mtembo. Ine sindinafe! Ngati ndifa, ndifa tsiku limodzi. Inu mwandipha chaka chathunthu, ndipo mukudzipha nokha. Dzukani, bambo, chonde dzukani!"

Misozi inatsika m'masaya mwa a Kwenda, koma sanadzuke. Anangoti, "Undikhululukire, Nangondo. Miyendo ikukana."

Ndipo panthawiyo sanali kunama. Miyendo imene munthu waiuza miyezi yonse kuti kutsogolo kulibe ulendo, imafika pokhulupirira. Nangondo anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kubwerera kuseri yekha, mbale ya mbewu m'dzanja limodzi, kakhasu m'dzanja lina.

Chimanga chinamera, n'kufika m'maondo. M'mawa wina dzuwa litatuluka bwino, Nangondo anathyola nkhwani woyamba pakamunda kake, nabwera nawo mokondwa kuti amuonetse mwamuna wake. Anamupeza pamalo pake pomwe paja, atatsamira khoma, mutu utagwera pambali.

"A Kwenda, taonani, ndiwo za lero."

Zii.

"A Kwenda!"

Anawagwira dzanja. Linali litazizira. Masamba aja anamwazika pansi, ndipo Nangondo anayamba kulira ndi kamawu kake kosasa kaja.

Tsono mverani zimene anachita anthu a pa Nthumbo. Atamva kulira kuchokera kukhomo limenelo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti wamwalira ndani. Afunsirenji, poti yankho anali nalo chaka chonse? Amayi anataya mitsuko ndi makasu, n'kuuyamba ulendo manja ali kunkhongo. "Mayo, Nangondo watisiya! Nangondo wapuma, mayi ine!" A Mtuwa, atamva ali kumunda, sanadikire kuona ndi maso. Anatumiza mawu kwa adzukulu, anthu okumba manda aja, kuti akonze makasu, akakumbe pafupi ndi pamene anagona mayi ake a Nangondo.

Gulu lonse linakhotera pakhomo likulira dzina lake. Ndipo pakhondepo, atakhala pansi, miyendo atatambasula, anali Nangondo yemweyo. Mayi amene anali patsogolo anakuwa, n'kubwerera chambuyo mpaka kuwaponda anzake. Kulira konse kunaduka pakati.

"Musathawe," anatero Nangondo. "Ndine ndemwe. Amene mukumulirayo akadalipo. Wapita ndi uyu."

A Mtuwa anafika akupuma mwawefuwefu, n'kudutsa pakati pa anthu. Anavundukula chitenje chimene mlongo wawo anafunditsa mtembo, n'kuona nkhope ya mlamu wawo, munthu amene chaka chapitacho ankasenza yekha mtanda wa nyumba. Anayang'ana mlamuyo, n'kuyang'ana mlongo wawo wa mikono ya bango. Kenaka anagwira pakamwa.

"Ha! Abale anga, wakufa sadziwika."

Panali ena amene anati mtembo wa mkamwini uyenera kunyamulidwa kupita kwawo. Nangondo anakana, ndipo anakana ndi mphamvu zimene anthu sankadziwa kuti anali nazo. "Munthuyu wafa n'kuopa kuwoloka mtsinje uja. Sawoloka. Agona pompano." A Mtuwa anavomereza, ndipo palibe pakamwa pena pamene panatsutsa. A Kwenda anaikidwa pa Nthumbo, pakati pa eni mudzi, pamalo pamene akanakhala mpaka kukalamba akanangomva.

Nangondo anakolola kachimanga kake. Chaka chotsatira anadzalanso, ndi chinacho, mpaka madzinja khumi ndi awiri. Ankatsokomolabe, ankatopabe, ndipo masiku ena ankakhala pakhonde n'kumulalatira mwamuna wake ngati akumumva, kenaka n'kulira. Koma anaperekeza kumanda anthu ambiri amphamvu kuposa iye.

Mawu a Mtuwa aja anatsala pakamwa pa anthu, n'kuyenda mudzi ndi mudzi mpaka kutifika ife: wakufa sadziwika. Tanthauzo lake loyamba ndi losavuta. Wodwala musamuwerengere masiku, ndipo wamphamvu asadzitame, chifukwa palibe amene adziwa yemwe adzatsogole. Koma ine, amene ndakalamba ndipo ndaona anzanga ambiri akugona, ndimamvamo chinanso. Sindikunena kuti chiyembekezo ndi mankhwala a chifuwa ayi, Nangondo anatsokomola mpaka tsiku lake lomaliza. Ndikunena kuti munthu amene akuyembekeza mawa amadya, amatuluka padzuwa, amayenda kukaona anzake, ndipo thupi limamutsatira. Amene wagamula yekha kuti kutsogolo kuli mdima wokhawokha amakankha mbale, amakhala pansi, ndipo thupi nalo limamutsatira. Imfa imabwera kamodzi, koma woidikira pakhonde amakalamba isanafike.

Nanenso maondowa amandiuza zambiri m'mawa uliwonse, ndipo sikuti masiku onse ndimawatsutsa. Koma inu mukadzaona nkhalamba yonjenjemera ikukumba dzenje lodzalapo mango, musadzaifunse kuti idzadya liti. Mudzaitungire madzi othirira. Mwina mangowo idzadya ndi iyo, inu mutapita kale. Wakufa sadziwika.