Mvula ya Wilbroad

Mu ofesi ya sukulu ina ya sekondale ku Nyimba, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, munali makina awiri oyang'anizana. Chakukhomo kunali taipi yakale imene amai Sophia Daka ankaimenya tsiku lonse, kulemba mayeso a ana a eni. Kungodya, pansi pa nsalu yoluka, kunali kompyuta imene mpingo wina wa kutsidya kwa nyanja unatumiza ngati mphatso. Aphunzitsi ankailambalala, ahedi ankangoivundukula kukabwera alendo. Munthu yekhayo amene inkamumvera anali Wilbroad, mwana mmodzi yekha wa a Sophia, mnyamata wamtali wa ndevu zongomera kumene, amene bambo ake anamwalira iye akukwawa.

Wilbroad anabadwa ndi chikhalidwe chakechake. Sankayang'ana munthu m'maso. Chigayo chikalira ankatseka makutu, ndipo ukamugwira dzanja ankalichotsa msanga ngati wamuwotcha. Masiku ano adokotala ali nalo dzina, amati otizimu, koma nthawi imeneyo anthu a pa Nyimba ankangoti mwana wa Sophia ali ndi dziko lake. Komatu mutu, abale! Mphunzitsi wa masamu, a Whiteson Njobvu, anangomubwereka buku lomwe linabwera ndi kompyutayo, ndipo mwezi usanathe mnyamata anali akulemba mapulogalamu ake, kuwauza makinawo chochita mzere ndi mzere, makina n'kumachitadi.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Wilbroad anakokera mpando wa mayi ake pafupi ndi kompyuta. Pagalasi lake lakuda panayamba kugwa timadontho tobiriwira, poyamba patalipatali, kenako tothithikana. Tikafika pansi tinkakumana n'kukhala kamtsinje, kamtsinje n'kumafunafuna potsikira, kupatuka pamwala, kukakumana ndi kanzake. A Njobvu anafotokoza kuti ukaiuza kompyuta mmene munda wako watsetserekera, pulogalamuyo imakuonetsa kumene madzi adzakokolole nthaka. A Sophia za nthakazo sanazimve n'komwe. Iwo ankangoona mvula ikugwa mu ofesi mwezi wa chilimwe, mpaka ankamva ngati fungo la dothi lonyowa lalowa pawindo, ndipo mvulayo anaigwetsa ndi mwana wawo uja anthu ankamuloza zala.

Kuyambira tsiku limenelo ankalota maso ali tong'o. Zala zili pataipi, mtima unkakwera msewu waukulu wa ku Lusaka. Ankamuona Wilbroad atavala shati yoyera, m'chipinda chozizira bwino, pakati pa anthu ofatsa ngati iye, anthu osafunsa chifukwa chimene munthu sayang'anira m'maso. Lotolo ankalisamala kuposa chitenje chawo cha pa Sabata.

Koma chikondi cha a Sophia chinali ndi nthenda imodzi: chinkayankha msanga. Munthu akati, Wilbroad wauka bwanji, mnyamata asanameze n'komwe malovu, mayi ake ayankha kale kuti wauka bwino. Pamsika wa nthochi m'mphepete mwa msewu, kutchalitchi, kuchipatala, pakamwa pa Wilbroad panali a Sophia. Pamaliro ankamupepesera kuti mutu ukumuwawa. Sitingawadzudzule kwambiri, chifukwa nthendayi inali ndi poyambira. Ali wamng'ono, kumudzi kwawo ku Nyampande, ana anzake anamuzungulira akumuseka chifukwa chopukusa manja, iye n'kukhala pansi kulira osatonthola mpaka dzuwa kulowa. A Sophia analumbira tsiku lomwelo kuti misozi imeneyo sidzagwanso iwo ali moyo.

Amene sankagwirizana nazo anali mlongo wawo, a Febian Mumba, mlimi wa dimba ku Nyampande komweko, munthu wolankhula mosathamanga. Monga malume wa mwanayo, anali ndi mawu pa iye, ndipo nthawi zonse akabwera kudzagulitsa anyezi ankaiyambitsa nkhaniyo.

"Alongosi, nipatseni mwana uyu akakhale na ine mwezi umodzi chabe," anatero tsiku lina. "Akaphunzile moni, akaphunzile kuyankha akulu. Nizamutenga pang'onopang'ono, monga mmene nizoloweza ng'ombe joko."

Apo a Febian analakwitsa fanizo. A Sophia anapsa mtima, nati mwana wawo si ng'ombe, ndiponso munthu wolankhula ndi makina a azungu moni wa kumudzi umuthandiza chiyani.

"Imwe simuzakhala pambali pake masiku onse," anatero a Febian.

"Nizakhala," anayankha a Sophia, n'kupitiriza kumenya taipi.

Mwayi unabwera ndi a Njobvu. Mnzawo wina wa ku Lusaka anawauza kuti bungwe lina likufuna achinyamata ochepa oti liwaphunzitse ntchito ya mapulogalamu, kudya ndi kugona konko. Kuyesedwa kunali tsiku limodzi lokha, Lolemba, ndipo aliyense anayenera kubwera ndi ntchito ya manja ake. Wilbroad anasunga mvula yake ija m'madisiki, timbale takuda topyapyala tosafuna dzuwa kapena chala cha munthu, n'kuwaika m'kabokosi, mayi ake n'kukakulunga m'chitenje. A Febian atamva anapalasa njinga kudzapempha kuti amuphunzitseko mnyamatayo zoyankha pa mlatho wa Luangwa, popeza masiku amenewo nkhondo ya ku Mozambique inali pafupi ndipo pamlathopo pankalondera asilikali. A Sophia anaseka. Anati asavutike, iwo adzakhala naye pampando umodzi kuchoka pa Nyimba mpaka ku Lusaka.

Ananyamuka Loweruka m'mawa. Basi inkakwera ndi kutsika mapiri, ikubuula, mitengo ya mlambe ikudutsa pawindo imodziimodzi. Wilbroad anafungatira kabokosi kake, milomo ikuyenda yokha. A Sophia anatsamira galasi, tulo tochepa n'kuwaba. Analota akuyenda mumsewu wa ku Lusaka mvula yobiriwira ikugwa osawanyowetsa, anthu akuima m'makonde kufunsana kuti mwini mvulayi ndani, iwo n'kumangoyenda mwakachetechete osafuna kudzitama. Anadzidzimuka basi itaima, kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kutadzaza kale m'katimo.

Msilikali analamula kuti onse atsike, chitupa m'manja, amuna mzere wawo, akazi mzere wawo. A Sophia anagwira malaya a mwana wawo, nayamba kufotokoza kuti uyu ndi wawo, amayenda limodzi. Msilikaliyo anayang'ana ndevu za Wilbroad nati munthu wamkulu chonchi adziyankhira yekha, amai apite kwa akazi anzawo. Sanalankhule mwachipongwe ayi, linali lamulo la pamalopo basi. A Sophia anapita, khosi lili chotembenuka.

Zonse anaziona ndi maso awo, ali poteropo. Amuna ena ankafika pa msilikali, kupereka moni, kuonetsa chitupa, kunena kumene akupita, n'kudutsa. Wilbroad atafika sanapereke moni. Sanamuone n'komwe msilikaliyo. Maso ake anali m'mwamba, pa nsanamira zazitali za mlathowo ndi zingwe zachitsulo zimene zimaugwira, ndipo nkhope yake inawala monga inkawalira pa kompyuta. Msilikali anafunsa dzina, mnyamata chete. Anafunsa kumene akupita, chete. Atatambasula dzanja kuti aone zimene zili m'chitenjemo, Wilbroad anabweza kabokosi kumbuyo mwamphamvu. Ndipo atamufunsa mokalipa kuti kodi akuyang'ana chiyani kumwambako, funso limenelo lokha ndi limene linamufika, popeza linali funso lenileni lokhala ndi yankho.

"Niona kuti mukadula nthambo izi za kuno, ulalo onse ugwa," anatero momveka bwino, akuloza.

Kalanga ine! Mnyamata ananena zimene mutu wake unaona, monga ankanenera za madzi ndi nthaka. Koma pamlatho wolonderedwa ndi mfuti, nthawi ya nkhondo, mawu amenewo sakanadutsa. A Sophia anathamanga akufuula kuti mwanayo ndi wa masamu chabe, sadziwa kukamba ndi anthu, koma pakamwa pa Wilbroad panali patachedwa. Anamulowetsa m'kanyumba ka asilikali akutseka makutu, kabokosi n'kumulanda. Basi inadikira pang'ono, kenako inawoloka ndi mipando iwiri yopanda anthu.

A Sophia anakhala pansi pa mtengo pakati pa azimayi ogulitsa nsomba zouma ndi madengu. Anatuma dalaivala wa lole yopita kummawa kuti akauze a Njobvu, a Njobvu atumize mawu ku Nyampande. Lamulungu linadutsa, Lolemba linafika, dzuwa linatuluka n'kulowa iwo akuyang'ana madzi akuyenda pansi pa mlatho. Pamene anzake a Wilbroad ankayesedwa ku Lusaka, iye anali pabenchi akuyang'ana khoma, osayankha aliyense.

A Febian ndi a Njobvu anafika pakati pa mlungu. A Sophia anaona mlongo wawo, mlimi wa anyezi uja, akuvula chipewa, kunyonyomala, kuwomba m'manja pamaso pa mkulu wa asilikali. Anafunsa za moyo, za kutentha, za kwawo kwa mkuluyo, mosathamanga, ndipo nkhani ya mnyamata anaitchula pamene mkuluyo anali atawapatsa kale pokhala. Kenako a Njobvu anafotokoza za kompyuta. Tiyi asanazizire, Wilbroad anatuluka. Moni uja a Sophia ankafunsa kuti uthandiza chiyani ndi umene unatsegula chitseko. Kabokosi anawabwezera, koma kanali katakhala pawindo masiku onsewo, ndipo madisiki anali atapindika ndi dzuwa. A Njobvu ataimba foni ku Lusaka anauzidwa mwaulemu kuti malo onse adzaza.

Atabwerera ku Nyimba, a Sophia sanadikire kuti mlongo wawo aiyambitsenso nkhani. Anachapa zovala za Wilbroad, anazimanga okha, n'kuziika pa njinga ya a Febian kuti apite naye ku Nyampande. Mtima unkawawa ngati akumutaya. Mu ofesi kompyuta inabwerera pansi pa nsalu yake, ndipo taipi inkalira yokha.

Mvula yeniyeni itagwa, chimanga chitafika m'mawondo, a Sophia anapita kukamuona Wilbroad. Anamupeza kudimba akukonza ngalande, matope mpaka m'zigongono, akuwongolera madzi kumene iye ankafuna. A Febian anawanong'oneza kuti sizinali zophweka. Masiku ena mnyamata ankathawira kuseri kwa nkhokwe anthu akachuluka, ndipo iwo ankamusiya apume. Dzanja sankamukakamiza kupereka, m'maso sankamukakamiza kuyang'ana. Ankangomuuza chinthu chimodzi patsiku, momveka, ndi chifukwa chake.

Akukambirana choncho, mayi wina wachikulire anadutsa ndi ndowa pamutu, napereka moni.

"Mwachoma bwanji, aWilbroad?"

Pakamwa pa a Sophia panatseguka pokha. A Febian anawagwira mkono. Panakhala bata lalitali, lalitali kwambiri kwa mayi wobereka, moti a Sophia ankamva madzi akuyenda m'ngalande. Mayi wa ndowa uja anangoima, osafulumira. Wilbroad anaika khasu pansi, anayang'ana mapazi a mayiyo, n'kuwomba m'manja mouma.

"Nachoma bwino, amai. Kaya imwe?"

Mayiyo anayankha n'kupitiriza ulendo wake ngati palibe chachitika. A Sophia anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Wilbroad anabwera kudzaima pambali pawo, akuyang'ana ngalande yake.

"Amama, moni uli na malamulo," anatero. "Akakamba ichi, uyankha ichi. Msilikali akafunsa, uyamba na moni, dzina, chitupa, kumene uyenda. Zimene waona pa ulalo usunga mumtima. Ni pulogalamu chabe, yapafupi kupambana mvula ija." Kenako anafunsa, "Nanga munalekelanji kuniuza?"

Sanafunse mokwiya. Anafunsa monga ankafunsira a Njobvu za masamu, kufuna kudziwa basi, ndipo n'chimene chinawalasa a Sophia koposa.

Mvula yobiriwira ija Wilbroad anali nayobe m'mutu, ndipo anati adzailembanso. Koma mpando wa ku Lusaka unali utakhalidwa ndi mwana wa wina, ndipo palibe ankadziwa ngati mwayi wotero udzadutsanso pa Nyimba. A Sophia anamukumbira mwana wawo dziwe lozama, lodekha, lopanda womuseka, n'kuiwala kuti tsiku lina adzayenera kuwoloka Luangwa pamzere wa amuna. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.