Mwana Wamkazi wa a Moffat

"Uyu akalira kuno ku Bowe, a ku Malomo ayamba kuvina asanafunse n'komwe kuti ukwati ndi wa yani," anatero a Moffat, uku akusisita babatoni watsopano ngati liwombo la khanda.

Pa amisiri osema babatoni, besi wamkulu uja wa chingwe chimodzi amene woimba amachita kumukhalira, a Moffat analibe mnzawo, ndipo woyamba kunena zimenezi anali iwo eni. Babatoni aliyense wotuluka m'manja mwawo ankamutcha mwana wawo wamkazi. Munthu akabwera kudzapangitsa, ankamuyeza mkono, kumuyeza ndi pokhalira pomwe, kenako n'kumupanikiza ndi mafunso ngati wodzafunsira mbeta. Tsiku lomupereka, mutu unkawawawa.

Watsopanoyu anali wa Obadiya, mtsogoleri wa bandi yoimba m'maukwati. Khosi linali la mlombwa, chikopa cha nkhunzi, waya wa m'tayala la lole. Loweruka lomwelo ankakaimba koyamba pa ukwati wina kuseri kwa phiri, ndipo a Moffat anadzuka atavala kale jekete.

"Bambo, mwanayu wakwatiwa," anatero akazi awo, a Magdalena. "Musiyeni akakhale ndi mwamuna wake."

"Ndikungoperekeza, mayi. Munaona kuti mkwatibwi wopita yekha?"

Tsikulo kunacha ndi nkhungu, chikopa n'kulefuka. Obadiya anachiwamba pang'ono pa mbaula ya mayi wina wootcha chimanga, nakhala, nagunda. Babatoni analira pansipansi, mawu ochita kulowa m'mimba. Azimayi anamanga zitenje m'chiuno, fumbi koboo! A Moffat anaima poteropo akumwetulira okha, misozi ili lengelenge m'maso. Akanakhala munthu wina, tsiku likanathera pomwepo.

Koma achibale a ku Lilongwe anali atabwera ndi sipika yotalika ngati kabati. Bandi itapumira, anaiyatsa, ndipo mlamu wina wa mkwati anawakodola a Moffat.

"Madala, mwana wanuyu ndi wamanyazi eti? Tamverani mnzake wa m'tauniyu."

A Moffat ananyamula babatoni n'kubwerera naye pa mbaula.

"Akulu, wakwana ameneyo," anadandaula Obadiya. "Anthu akuvina bwinobwino."

"Unamubala ndiwe? Ine chikopa ichi ndachidziwa chikadali kudya msipu."

Anachisendeza pafupi ndi makala, kuchigogoda ndi chala, kuchisendezanso. Fungo la ubweya wopserera litayamba kumveka, iwo anati ndiye kupsa kwake kwa nyimbo. Anakunganso waya mpaka khosi linalira kuti tswii, kenako anavula jekete, nakhalira okha, nauza a sipika kuti asazimitse.

Atagunda koyamba, mbuzi zinadula zingwe, ndipo khamu lonse linatembenuka. A Moffat anayang'ana mlamu uja, nakweza kamtengo kogundira m'mwamba kuti aliyense aone.

Phwaa!

Chikopa chinang'ambika kuchoka uku kufika uko, waya n'kudzipinda ngati nsonga ya dzungu. Kunangotsala sipika ija ikuimba yokha.

A Magdalena anawatolera jekete, naikung'untha fumbi mosafulumira.

"A ku Malomo amva ndithu, bambo," anatero. "Akufunsana kuti tayala laphulikalo ndi la minibasi iti."

Paja akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.