Tili Limodzi?

Kalekale, koma osati kale la makolo athu, kale la dzana lomweli pamene choko chinayamba kulimbirana malo ndi foni, panali koleji ina yosula aphunzitsi. Kulikulu kunachokera lamulo loti maphunziro aziyenda ndi miyendo iwiri: mwezi umodzi ophunzira azikhala m'kalasi, mwezi winawo azibwerera kwawo n'kumaphunzira pa foni. Koma chilolezo choti kolejiyo iyambe zimenezi sichikanatuluka mpaka oyendera atabwera kudzaona mphunzitsi mmodzi akuphunzitsa mwa njira yatsopanoyo. Anachita maere, ndipo poti tsoka silinunkha, maerewo anagwera a Chikakuda.

A Chikakuda anali ataphunzitsa zaka makumi atatu. M'kalasi anali katakwe, koma pa makina anali mbuli yotheratu, moti foni yawo yomwe ikalira ankayamba aiyang'anitsitsa ngati yawatukwana. Analinso ndi chizolowezi chimodzi. Akafotokoza mfundo ankaima n'kufunsa kuti, "Tili limodzi?" Kalasi yonse inkayankha kuti, "Eeee!" Popanda yankho limenelo sankasuntha, olo muwakankhe.

Mkulu wa koleji, Mayi Chiwaya, anaitana aphunzitsi atatu amene kontilakiti yawo inali pafupi kutha: a Gwaza, Mayi Nankhoma ndi a Pemba.

"Muli ndi milungu isanu ndi umodzi yoti muwakonzekeretse akuluwa," anatero. "Akalephera, nonse atatu mulongedza. Akapambana, pali mpando wokhazikika wa wokonzekeretsa aphunzitsi, koma ndi umodzi wokha. Dzina la woutenga adzalemba ndi a Chikakuda eni ake."

A Gwaza anakhala ndi nkhalambayo pa laputopu tsiku lililonse. Anaiphunzitsa kuyatsa, kulowa, kuika zolemba pomwe ophunzira angazipeze. Phunziro lawo la maola awiri analidula zidutswa za mphindi khumi, a Chikakuda akulira ngati akuwadula zala. Mawu amene a Gwaza anameza pa milungu imeneyo sindingawabwereze pano. "Mwana wadzulodzulo" ndiye anali aulemu pa onsewo. Sanatope. Ndipo pofuna kuti atambala ndi zigayo za kumudzi zisamveke pamaso pa alendo, anakonza makinawo kuti wophunzira aliyense azilowa maikolofoni yake ili yotseka.

Mayi Nankhoma sanakhudze laputopu. Iwo anati, "Nanga akuluwa akaphunzitsa ndani, makoma?" Anatenga mayina makumi anayi a ophunzira n'kuyamba kuwasaka mmodzimmodzi. Ena analibe foni zoyenera, choncho anawaphatikiza ndi anzawo a midzi yoyandikana. Ena netiweki sinkafika kwawo. Anawakwerera kabaza mpaka kukapeza nawo malo amene inkagwira, wina pachulu, wina kuseri kwa tchalitchi, wina pamlatho. Mwamuna wa wophunzira wina anakaniza mkazi wake foni, ndipo Mayi Nankhoma anakhala pakhonde pake kuyambira m'mawa mpaka bamboyo anagonja. Pomaliza anawachenjeza onse: "Tsiku limenelo kudzakhala alendo. Osakhudza chilichonse, osatsokomola, osatichititsa manyazi."

A Pemba sanachite kanthu. Milungu yonseyo ankayenda manja ali m'thumba akunena kuti, "Zophunzira pa foni n'zamasewera. Mwana wa munthu wosauka aphunzira bwanji ali pachulu?" Ine ndemwe ndikanawathamangitsa mlungu woyamba. Chokha chimene anali nacho n'chakuti kale anali wophunzira wa a Chikakuda, zaka zitatu pa benchi yakutsogolo.

Tsiku linafika. Oyendera awiri anakhala kumbuyo kwa chipinda ndi mafomu awo n'kulamula kuti munthu wina aliyense akangolowa kapena kuthandiza, mayeso athera pomwepo. Atatu aja anaima pakhonde, pafupi ndi zenera.

"Ophunzira alowa onse pa foni kupatula mmodzi," ananong'ona Mayi Nankhoma. "Maliko Thindwa ali kumaliro."

A Chikakuda anayatsa bwinobwino. Anapereka moni, anafotokoza mfundo yoyamba mwaluso moti woyendera wina anagwedeza mutu. Kenako anaima.

"Tili limodzi?"

Zii.

Anayang'ana laputopu. Mayina analipo, ndandanda wonse, koma panalibe mawu. Anakonza tayi.

"Ndati, tili limodzi?"

Kumidzi kuja ophunzira makumi atatu ndi asanu ndi anayi ankawamva bwinobwino, ena mpaka kuyankha ali pachulu pawo, koma maikolofoni zinali zotseka ndipo anali atauzidwa kuti asakhudze kanthu. A Chikakuda zimenezo sanazikumbuke. Kwa iwo kalasi yosayankha inali kalasi imene yatayika, kapena imene yawakana. Woyendera wina anayang'ana wotchi n'kulemba kanthu. Pakhonde paja a Gwaza ankanong'ona kuti, "Pitirizani, bambo, pitirizani basi!" koma zenera silinyamula manong'onong'o. Mayi Nankhoma anagwira pakamwa.

A Chikakuda anafunsa kachitatu. Palibe anayankha. Nkhalamba ija inayamba kusonkhanitsa mapepala ake, dzanja lina likupita kukatseka laputopu.

A Pemba anali atathamangira kale kuseri kwa laibulale. Anatulutsa foni yawo yosweka galasi, analowa m'phunzirolo, ndipo pofunsidwa dzina analemba kuti Maliko Thindwa. Anatsegula maikolofoni n'kukuwa monga ankachitira pa benchi yakutsogolo:

"Eeee, aphunzitsi!"

Dzanja la a Chikakuda linaima m'malere. Mtsikana wa pamlatho uja, atamva kuti mnzake wayankha ndipo sanadzudzulidwe, anatsegula yake. Wina anatsatira, kenako onse, "eeee" wawo akubwera pamodzi ndi atambala, mbuzi ndi mwana wolira. A Chikakuda anabweza mapepala patebulo. Anaphunzitsa mphindi makumi anayi zotsalazo ngati mnyamata, ophunzira akufunsa, iwo akuyankha, mpaka woyendera wa wotchi uja anaiwala wotchi yake.

Chilolezo chinaperekedwa m'mawa womwewo. Oyendera anayamikira zinthu zitatu: phunziro lodulidwa bwino, ophunzira onse makumi anayi kupezekapo, ndiponso kalasi yamoyo. Oyenderawo atakwera galimoto, Mayi Chiwaya anapatsa a Chikakuda pepala lokhala ndi mzere umodzi.

"Dzina limodzi, bambo. Lifike ku ofesi kwanga belu la nkhomaliro lisanalire."

A Chikakuda anakhala pansi m'chipinda chomwecho, atatu aja ataimirira patsogolo pawo. A Pemba anali ataulula kale zimene anachita.

"Bambo," anayamba a Gwaza, "milungu isanu ndi umodzi yapitayo simunkadziwa poyatsira. Popanda ine phunziro silikanayamba n'komwe."

"Likanayamba, koma kulankhula ndi ndani?" anatero Mayi Nankhoma. "Ana amene anayankha aja ndinawatola ine, mudzi ndi mudzi. Nsapato zanga zikuchitira umboni."

"Ine sindinena zambiri, aphunzitsi," anatero a Pemba. "Koma dzanja lanu linali litafika kale pa laputopu."

A Gwaza analusa. "Ndiye mpando wokonzekeretsa aphunzitsi upite kwa munthu amene sakhulupirira ntchitoyi, amene anaswa lamulo n'kuba dzina la mwana woti ali kumaliro? Zikadzamveka kulikulu, chilolezochi chidzatsala?"

"Nanga anawatseka pakamwa anawo ndani?" anayankha a Pemba. "Inu munatseka makina, mayiwa anatseka mitima. Nonse munakonzekeretsa laputopu ndi ophunzira. Munthuyu simunamufunse n'komwe kuti amaphunzitsa bwanji."

Mayi Nankhoma anayang'ana pansi. A Pemba nawonso sanathe kuyang'ana anzawo m'maso, podziwa kuti thukuta la milungu isanu ndi umodzi silinali lawo.

A Chikakuda anatsegula cholembera. Kunja mlonda anali akupita kale kumene kunali belu.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, cholembera chija ndachiika m'manja mwanu. Pali amene anaphunzitsa nkhalamba makina koma n'kutseka mawu a ana. Pali amene anasonkhanitsa ana koma n'kuwaopseza kuti akhale chete. Pali amene sanagwire ntchito, nanama, koma anadziwa mawu amodzi amene ankafunika. Pamzere umodziwo mulembapo ndani, ndipo awiri otsalawo mukawauza chiyani akamalongedza katundu wawo?